Uthenga Umene Sunabwere

Ku Mauwa kunalibe nyumba yopemphera ngati ya mayi Eluby. Ana awo, Maluwa ndi mlongo wake Funsani, anaphunzira za makompyuta, ndipo ankasamalira limodzi pulogalamu yotumiza mameseji okumbutsa odwala tsiku lokatenga mankhwala. Amayi awonso, odwala kuthamanga kwa magazi, ankadalira uthenga womwewo. Za kalendala analibe nazo ntchito, ankangodikira foni ilire.

Mafailo onse a pulogalamuyo ankasungidwa pa seva, kompyuta yaikulu ya pa intaneti, pamodzi ndi mbiri ya chilichonse chosinthidwa ndi dzina la wosintha. Koma Funsani, ulesi wake uja, ankangokopera chigawo chake chokha.

"Achimwene, muzikopera zonse," Maluwa ankamuuza. "Ndipo mukalakwitsa, konzani poyera, mbiri ionetse. Osafufuta."

"Netiweki yakunoyi nkumakopera zonse? Musanditopetse, achemwali."

Lachiwiri lina Funsani anasokoneza failo, dzina lake lili poyera m'mbirimo. Anakadandaulira Lloyd, mnzake wa pabawo ku Mbulumbuzi.

"Aise, ufuna mlongo wako, mkazi, akuseke?" anatero Lloyd. "Bwerera pa mafailo a mwezi watha, uwakankhire pa seva mokakamiza. Mbiri ifufutika, adziwa ndani?"

Anachitadi, chitsiru cha mwana. Kukankhako kunafufutanso zomwe Maluwa anakonza m'chigawo chotumiza mameseji, chigawo chomwe Funsani sanakoperepo n'kamodzi komwe. Pa laputopu yake zonse zinkaoneka bwinobwino. Maluwa anali ku maphunziro ku Blantyre.

Patatha masabata awiri amayi anafunsa, "Mwanawe, foni yangayi yafa? Mapiritsi atha, koma uthenga sukubwera."

Funsani anazindikira kuti vuto ndi zomwe anachita pa seva zija. Koma kuulula kunamulemera. "Dikirani amayi, ubwera."

Amayi anadikira. Sabata yotsatira anagwa m'munda wa nandolo, dengu lili pambali. Anali matenda opha ziwalo.

Maluwa atafika anatsegula laputopu yake, yomwe inali ndi mbiri yonse, n'kuona zomwe zinachitika. Pasanathe ola limodzi anabwezeretsa chilichonse, mafoni a odwala n'kuyambanso kulira. Sanakalipe. Anangoti, "Mukanandiimbira tsiku lomwelo, inali ntchito ya mphindi khumi."

Mafailo anabwerera, koma pakamwa pa amayi ndi dzanja lawo lamanja sizinabwerere. Lero Funsani ndiye amawamwetsa mapiritsi. Wapepesa kambirimbiri, iwo amangomuyang'ana, ndipo ngati anamukhululukira sangathe kumuuza.

Ana inu, zimandiwawa kusimba izi. Mukalakwitsa, ululani msanga. Cholakwa choululidwa chimakonzeka, koma chobisidwa chimakapweteka munthu wosalakwa, mwina amayi anu omwe.