Zipewa zisanu ndi ziwiri za Losaline

Anakumana pa siteji ya basi ku Huonville, tauni ya pachilumba cha Tasmania, tsiku lotentha la mu Januwale. Losaline, mtsikana wochokera ku dziko la zilumba la Tonga amene ankagwira ntchito yochotsa minga m'fakitale ya nsomba, anali atakhala padzuwa atatsinzina. Mwadzidzidzi anangomva mthunzi.

"Chemwali, dzuwa la kuno silinyengerera munthu," anatero mnyamata wamtali, woyera mbuu ngati ufa, akumutchingira ndi ambulera. Chipewa chake chinali ngati lichero.

"Ambulera popanda mvula? Achimwene, mutuwo uli bwino?"

Mnyamatayo anaseka mpaka basi inawasiya. Dzina lake anali Fergus, mlimi wa maapozi.

Chikondi chinayaka! Mauthenga a Fergus ankangogwa pafoni ya Losaline. "Ena amati dzuwa langa. Ine ayi, dzuwa linandilanda mayi. Iwe ndiwe mwezi wanga." Mayi ake a Fergus anamwalira ndi khansa ya pakhungu, ndipo iyenso madokotala anali atamudula kale kachilema kakuda paphewa. Ndiye analonjeza kuti, "Ine ndili moyo, dzuwa silidzakukhudza."

Mtsikana uti amene sangasungunuke ndi mawu otere? Losaline analandira zipewa zisanu ndi ziwiri, malaya aatali manja, ndi mafuta odzola oteteza ku dzuwa. Ankavala zonse, chikondi chili m'maso.

Kenako inafika Juni, nyengo yozizira. Ankalowa m'fakitale kusanache, n'kutuluka dzuwa litapendeka. Loweruka dzuwa likawala pang'ono, Fergus ndi ambulera yake ali pambuyo. Mafupa anayamba kuphwanya, miyendo kulemera. Mtsikana amene kwawo ankasenza mtanga wa nkhono kuchokera kunyanja tsopano ankapumira pakati pa masitepe.

Dokotala atamuyeza magazi anati, "Vitamini D watsika kwambiri. Khungu lakuda ngati lanuli limafuna dzuwa lochulukirapo, ndipo la Tasmania nyengo ino n'lofooka. Mumwe mapiritsi awa, muzidya nsomba zamafuta, ndipo masana muziothako dzuwa mikono ili poyera."

Fergus atamva anagwedeza mutu. "Mapiritsi ndi nsomba basi, mwezi wanga. Zadzuwazo ayi."

"Dokotala watchula zitatu."

"Ndiye ndizikuonerera ukudziwotcha? Ndaika kale mmodzi m'manda!"

"Fergus, mayi ako ndimawalira nawe limodzi. Koma khungu ili ndi la agogo anga, linakulira pa bwato. Wakhala ukuteteza khungu lako pathupi langa!"

"Ukatuluka wopanda chipewa, ine ndi iwe zathera pompo."

Losaline anatenga zipewa zonse n'kumuunjikira m'manja. Fergus atatuluka, Losaline analira mpaka maso kutupa, koma sanamuthamangire. Mwana wa ku Tonga apemphe chilolezo chowothera dzuwa? Zosatheka!

Masabata asanu anadutsa foni ili zii. Mtima unkawawa, koma piritsi ankamwa, nsomba yamafuta ya samoni ankadya, ndipo pa nthawi ya nkhomaliro ankakhala pabenchi kuseri kwa fakitale atapinda malaya. Pang'ono ndi pang'ono masitepe aja anasiya kumuopsa.

Tsiku lina masana foni inalira. "Tembenuka."

Fergus anali ataima mumthunzi wa khoma, chipewa chili kumutu, nkhope itagwa.

"Ndinapita kwa dokotala wanga wa khungu kuti andiikire kumbuyo," anatero. "Anandiseka, Losa. Akuti ine ndizibisala ndithu m'chilimwe, koma iwe ndakhala ndikukudwalitsa. Ndikhululukire."

"Ambulera ili kuti?"

"M'galimoto. Ndi yanga ndekha tsopano."

Anagwada pomwepo, pamalire a mthunzi, n'kutulutsa mphete. Losaline sanasunthe pabenchi. Anangotambasula dzanja lake padzuwapo, mutu uli m'mwamba.

"Ngati ukundifuna, ndili kuno."

Fergus anayang'ana kumwamba. Kenako dzanja lake loyera lija linatuluka mumthunzi mpaka linafika pa chala cha Losaline. Amayi a m'fakitale amene ankasuzumira pawindo anayamba kumenya magalasi ndi chimwemwe!

"Ndavomera," anatero Losaline misozi ikutsika. "Tsopano bwerera mumthunzi msanga, ufa wanga, usanandipserere."