Diresi Lomwe Linkakana Kutha

Madzulo amenewo amayi anavundikira makina awo osokera n'kupachika diresi langa laukwati pakhoma. Aka kanali kachitatu kulisoka. Ukwati unali utatsala masiku anayi, ndipo ine sindinkaufuna.

Mwamunayo anandipezera ndi amalume. Anali mwini galaja, bambo wa dazi lake, yemwe anthu ankamutcha Chimatayala. Sanali woipa ayi, koma anali msinkhu wa malemu bambo anga. Nditayesa kudandaula, amalume anangoti mawu a akulu amakoma akagonera. Amayi anangoweramira pa nsalu.

Koma m'mawa uliwonse diresilo tinkalipeza litamasuka. Manja paokha, kolala payekha, mikanda itaikidwa bwinobwino m'chitini cha mabatani. Nsalu yosang'ambika ngakhale pang'ono.

"Ndiwe ukuchita zimenezi," anandiloza chala amalume. "Likangomasukanso, iwe ndi mayi akowa mundichokere m'nyumba yanga."

Tinalibe kwina kolowera. Choncho usikuwo ndinabisala kuseri kwa tebulo lodulira nsalu, kuti ndimugwire mwini ntchitoyo.

Kunali zii. Kuwala kwa getsi la mumsewu kunkalowera pawindo. Miyendo itayamba kuchita dzanzi, chopondera cha makina chinagwedezeka chokha. Kamodzi. Kenako m'chipinda monse munamveka fungo la dothi lonyowa.

Pansi pa makina panatuluka kamunthu kolekeza m'mawondo mwangamu. Nkhope yokalamba, makutu akugwa, zala zitalizitali. Kanali katokoloshi, komwe ndinkayesa kuti n'kongoopsezera ana. Kanavala kajekete kosokedwa ndi tizidutswa ta nsalu zathu zomwe. Kanakwera pampando, n'kutsitsa diresi lija mosamala kuposa mmene amayi ankaligwirira.

Ndinadzigwira pakamwa kuti ndisakuwe.

"Tuluka, mwanawe," kanatero osacheuka. "Mtima wako ukusokosera."

Ndinakwawa n'kutuluka.

"Mukutivutitsiranji, agogo?" ndinanong'ona. "Atithamangitsa."

Kanayendetsa chala pamsoko wa m'chiuno. "M'nyumba muno ndakhalamo makinawa asanabwere. Chotsala masana ndimamaliza ndine. Koma msoko uwu ndi wonyowa. Wosoka amalira, woyesa amalira. Zotere sindimaliza ndisanafunse mwini wake."

Kanandiyang'ana. Maso ake anali otopa, opanda nkhanza.

"Ndisoke kapena ndimasule?"

Miyezi itatu yonse anthu anandifunsa za nsapato, za tsitsi, za mtundu wa maluwa. Funso ili panalibe anandifunsapo. Ndinalira ngati mwana. Ndinaganiza za amayi atasenza makina pamutu mumsewu, ndipo ndinachita manyazi ndi zomwe mtima wanga unkafuna.

"Masulani," ndinatero.

Kanagwedeza mutu n'kuyamba kusolola ulusi. Sindikudziwa nthawi yomwe tulo tinanditenga.

Anandidzutsa ndi amalume kutacha, ali ndi Chimatayala yemwe anabwera kudzayesa suti yake ya ukwati kwa amayi. Ndinali gone pansi, nditafunditsidwa zidutswa za diresi. Amalume anakweza dzanja, koma Chimatayala anawagwira mkono. Chimatayalayo ankayang'ana pansi, pomwe choko cha amayi cholembera pa nsalu chinanyenyekera. Panali timapazi tating'ono, ta zala zitatu, tozungulira pomwe ndinagona.

Bambo uja anatuluka chammbuyo. Suti yake sanabwerenso kudzatenga.

Pofika masana mzere wonse wa nyumba unali kunong'ona. Ena ankati mwana wa atelala anakwatiwa kale ndi tokoloshi, ndipo mwamuna wake ndi wansanje. Ena ankati amayi amaweta zinthu. Amalume anatipatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Ndinawapeza amayi akusesa ulusi. Ndinagwada kuti ndipepese, koma anandidula.

"Kanakufunsa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Inenso kanandifunsa, ndili msinkhu wakowu," anatero, maso ali pa tsache. "Ndinaopa. Ndinati kasoke."