Madontho Atatu Ofiira Pansi pa Poto

Tandiuzani inu ophunzira: n'chiyani chimene sichimenya, sichitukwana, chimanunkhira bwino kukhitchini, koma ukachiyandikira kwambiri umagwetsa misozi? Mwati anyezi? Mwakhoza theka. Theka linalo limavala jekete loyera la mabatani mizere iwiri, ndipo linaliza mwana wa achimwene anga.

Mwanayo timamutcha Namabuku. Chiyambire ali wamng'ono, anzake akamasewera iye mphuno ili m'buku. M'banja mwathu monse, kuyambira agogo ake mpaka ife amene sukulu tinangoisuzumira pawindo, ndiye woyamba kumaliza yunivesite. Bambo ake atamva zotsatira anavula chipewa n'kuchiponya kudenga.

"Phwando likhalepo! Anthu adye mpaka amasule malamba!"

Ntchito yosaka ophika inagwera mwini phwando. Tsiku lina masana anaima pamalo odikirira basi, akulembalemba m'kabuku kake, mvula n'kuyamba kuwaza. Mwadzidzidzi ambulera inatseguka pamwamba pa mutu wake.

"Pepani achemwali, maluwa amafunadi mvula, koma duwa ngati inu lingathothoke."

Atatembenuka anaona mwamuna wamtali, ndevu zometedwa ngati anachita kuyeza ndi rula, jekete loyera mbee!

"Nanga n'chiyani chakwinyitsa nkhope yokongola chonchi?"

"Ndikusaka ophika pa phwando langa lomaliza maphunziro."

"Mulungu ndi wamkulu! Ine amanditcha Shefu. Ndaphikira mabwana, ndaphikira maukwati a anthu mazana asanu. Nkhuku ikangomva dzina langa imadzisosola yokha."

Namabuku anaseka. Basi inabwera n'kupita. Ina inabwera n'kupitanso. Yachitatu inawapeza atapatsana kale manambala.

Kuyambira pamenepo foni ya mwanayu sinapumenso. Ine kuwerenga ndimachita kutola chilembo chimodzichimodzi ngati ndikusankha nyemba, koma akaisiya patebulo ndinkasankha ndithu.

"Shuga wanga, wadzuka bwanji? Tiyi akuwawa lero chifukwa sindinamve mawu ako."

"Ndiwe mchere wa moyo wanga. Popanda iwe palibe chokoma."

Lachisanu lililonse ankakumana pamalo a basi paja, Shefu n'kumupatsa kapoto komangidwa bwino m'nsalu, ati zolawitsa. Abale, chilungamo ndinene: chakudya chija chinali chokoma! Mpunga njere iliyonse payokhapayokha. Nkhuku yofewa yoti ndi ine wa mano asanu ndi awiri ndinaimaliza mpaka fupa. Supuni ndinainyambita mpaka ndinadziona nkhope.

Kenako linabwera lonjezo lalikulu: "Tsiku la phwando lako, keke ikangodulidwa, ndidzagwada pamaso pa abale ako onse mphete ili m'manja. Ndikanama, dzanja langa lophikira liume!"

Mtsikana wanji amene mtima sungamuthawe? Namabuku, amene sanayang'anepo mwamuna zaka zinayi zonse, anayamba kuimba posesa.

Lamlungu masana banja linakhala pabalaza kuti lisankhe ophika. Alamu anga, mayi ake a mwanayu, ankafuna amayi a kutchalitchi. Achimwene ankafuna anthu a kuhotela, ati ali ndi mbale zofanana. Namabuku anatsegula kabuku kake.

"Alendo ndi zana limodzi ndi makumi awiri. Aphunzitsi anga awiri sadya nyama. Agogo adokotala anawaletsa mchere. Ana akhale ndi tebulo lawolawo, asatayire anthu zakumwa. Ndipo amene angathe zonsezi ali panja, ndamuitana."

Shefu analowa, fungo la mafuta onunkhira lili patsogolo. Funso lililonse yankho linali limodzi: "Zazing'ono izo!" Za nkhuku yodzisosola yokha anazibwerezanso, agogo aamuna n'kuseka mpaka kutsokomola.

Ine ndinafunsa langa. "Mpunga wa anthu onsewa mumauthira madzi ochuluka bwanji, achimwene?"

"Aaa, azakhali! Chinsinsi cha ntchito chimenecho."

Tinagwirizana kuti Loweruka masana abweretse chakudya chonse cha phwando, akuluakulu alawe komaliza. Potsanzikana ndinamugwira dzanja. Mayo! Lofewa ngati tsaya la khanda. Popanda chipsera cha mafuta, popanda pocheka mpeni, chikhadabo cha kachala kakang'ono chili chitalitali ngati supuni ya shuga. Wophika wanji ameneyu, moto umachita kumupatsa ulemu?

Madzulo ake ndikutsuka kapoto ka zolawitsa, ndinakatembenuza. Pansi pake panali madontho atatu ofiira, a penti wopaka m'zikhadabo.

Ine ndatsuka mapoto pa maukwati ndi pamaliro kuyambira ndili mtsikana. Amayi ophikira anthu ambiri amaika chizindikiro pa ziwiya zawo kuti zisasokonekere ndi za eni nyumba. Wina amamanga ulusi pachogwirira, wina amakanda ndi msomali. Madontho atatu ofiira ndinawatsukapo pa ukwati wa mwana wa mnzanga. Mwini wake ndi Namapoto, mayi wophikira kuseri kwa msika.

Nditamuuza Namabuku, anakwiya.

"Azakhali, mwayambapotu! Mwina anangobwereka potoyo."

"Mwina, mwana wanga. Tiye tikamuthokoze wobwereketsayo."

Lachinayi m'mawa tinapita. Kachipinda kake kanali kakang'ono koma kosesedwa bwino, mbaula zinayi zili pamzere, mapoto opachikidwa kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Namapoto ankadula anyezi osayang'ana n'komwe, mpeni ukungoti tche-tche-tche, uku akumvetsera poto wa mpunga ndi khutu. Anadonthezera msuzi pachikhatho, n'kulawa, n'kuwonjezera kamchere ndi zala ziwiri. Mikono yake inali ndi zipsera zing'onozing'ono mpaka m'zigongono. Amenewo ndiye manja a wophika!

Panja pachingwe panali payanikidwa jekete loyera la mabatani mizere iwiri.

"Odi, mayi! Jekete lokongolali n'la ndani?" ndinafunsa.

Anaseka. "La bambo a kunyumba. Iwo pakamwa, ine pamoto. Amandisakira makasitomala. Panopa akuti apeza phwando la mtsikana wina womaliza maphunziro, ndiye Lachisanu lililonse ndimaphika zolawitsa. Mtsikanayo sindimudziwa, koma ndimamuphikira ndi mtima wonse. Kuphunzira mpaka pamenepo si masewera!"

Namabuku anayang'anitsitsa jekete lija. Kenako anatulutsa foni n'kumupatsa mayiyo.

Namapoto anapukuta manja pa epuloni, n'kuwerenga. Anawerenga nthawi yaitali. Poto wa mpunga anayamba kusefukira, iye osatembenuka.

"Mchere wa moyo wanga," anatero motsitsa mawu. "Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo mcherewo ndinali ine. Ngakhale mawu sanasinthe."

Namabuku anagwada pasimenti, misozi ili chuchuchu. "Sindinkadziwa, mayi! Ndikulumbira, sindinkadziwa. Anati adzandiveka mphete. Ndine chitsiru chotani ine? Phwandolo lisakhaleponso!"

"Dzuka, mng'ono wanga." Anamudzutsa ndi manja awiri, nayenso maso atafiira. "Zaka zinayi unkawerengera iyeyo? Mayeso anakulembera ndi iyeyo? Phwando ndi lako. Usalole munthu wosadziwa kuwiritsa dzira akuvule gauni."

Analira onse awiri atakumbatirana. Inenso maso ananyowa, koma kwa ine anali anyezi chabe.

Atatonthola ndinakhala pa ndowa yovundikira. "Ndiye mayi, Loweruka bambowa abwera kudzatenga mapoto, eti? Amatsegula kuti aone zili m'kati?"

"Sanatsegulepo. Amangonyamula."

"Basi. Mudzamange bwino nsalu, monga mwa masiku onse."

Namapoto anandiyang'ana, kenako pakona pa mlomo wake panatuluka kakumwetulira.

Masiku awiri amenewo Namabuku sanadye. Mauthenga ankangobwerabe: "Uchi wanga, bwanji uli chete? Mawa ndikuphikira zimene sunalawepo." Iye ankawerenga, n'kupukuta maso, n'kuika foni chafufumimba. Koma Loweruka anadzuka, anasamba, anavala diresi lake labwino, mutu uli m'mwamba. Ndinamunyadira mwana ameneyu!

Masana Shefu anafika ndi mapoto anayi omangidwa m'nsalu. Pabalaza panali achimwene, alamu, agogo aamuna, Namabuku, amalume ake awiri ndi ine.

"Makolo anga," anayamba, dzanja lili pachifuwa, "ndadzuka tambala asanalire. Thukuta langa lili m'mapotomu. Nkhukuyi ndaiphika m'njira imene m'dziko muno timaidziwa anthu atatu okha, ndipo awiriwo ndinawaphunzitsa ndine."

Anamasula nsalu, n'kukweza chivundikiro mokometsera.

Nkhuku yaiwisi inali gada, miyendo m'mwamba.

Poto wachiwiri: mpunga wouma, wosasankha n'komwe. Wachitatu: kabichi wathunthu. Wachinayi: anyezi asanu ndi mmodzi, makoko ali pomwepo.

Tonse tinatembenukira kwa Shefu. Iye anakanda kumutu.

"Eee... ndimafuna muone kaye ndi maso kuti katundu wanga ndi wabwino!"

"Mwaganiza bwino zedi!" ndinatero ine. "Khitchini ndi iyo, mpeni ndi uwu. Tiyeni abale, tikaone ukatswiri."

Tonse tinadzazana kukhitchini, agogo tinawaikira mpando kutsogolo. Shefu anazungulira mbaula kawiri ngati akusaka khomo. Anatenga anyezi n'kuyamba kumucheka osasenda, chikhadabo chija chili njo! m'mwamba. Anyezi anathawa n'kukagwera pansi pa kabati. Wachiwiri anamugonjetsa, koma misozi inayamba kutsika, mamina n'kutsatira, jekete loyera lija likugwira ntchito ya mpango.

"Madzi a mpunga aja, chinsinsi chija, thirani tione," ndinamukumbutsa.

Pomwepo chitseko chakumbuyo chinatseguka. Namapoto analowa atavala epuloni yochapa, atanyamula poto wamkulu wa nthunzi tolotolo, fungo lake lokha agogo anaimirira opanda ndodo.

"Bambo a kunyumba," anatero mwaulemu, "munasiya chakudya chakupsa. Munathamanga kwambiri."

Mpeni unagwa. Shefu anayang'ana mkazi wake, anayang'ana Namabuku, pakamwa pali yasa.

"Shuga wanga, ndifotokoze..."

"Uti?" anafunsa onse awiri nthawi imodzi.

Namabuku anatembenukira kwa bambo ake, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. "Ababa, wophika ndamusankha. Zonse zimene takhala tikulawa anaphika ndi mayi awa. Awa ndi amuna awo, ntchito yawo ndi kunyamula mapoto ndi kunamiza atsikana." Kenako anamuyang'ana Shefu m'maso. "Mphete ija mukaiveke nkhukuyo, ndi yokhayo imene sinakudziweni."

Achimwene anatupa ngati akufuna kumenya munthu, koma Namapoto anali atawaikira kale mbale patsogolo. Analawa supuni imodzi, n'kutseka maso. "Mayi, phwando ndi lanu. Za hotela ndasiya."

"Agogo ndawaphikira padera, popanda mchere," anatero Namapoto, "ndipo aphunzitsi aja ndiwakonzera zamasamba zoti odya nyama adzachita nsanje."

Agogo anapukuta pakamwa, n'kuloza Shefu ndi fupa.

"Iwe mnyamata! Paja unati nkhuku ikamva dzina lako imadzisosola yokha. Yadzisosoladi, taiona. Tsopano taiuza idziphike!"

Abale, kuseka kwake! Alamu anakhala pansi pakhitchini atagwira nthiti. Amalume anatsamwa ndi mpunga. Ngakhale Namabuku, misozi ili m'masaya, anaseka mpaka anatsamira paphewa la Namapoto. Shefu anatulukira chitseko chakumbuyo ali liwiro, maso ali psu, theka la anyezi likadali m'manja.

Ine ndinathamangira pawindo.

"Achimwene a Shefu! Anyeziyo ndi wa akazi anu, bwezani!"