Makamera Awiri a Mathews

Mtembo wa Mathews Sakala unapezeka Lachiwiri m'mawa m'mbali mwa dimba ku Zingalume, mutu uli pamwala. Inspekitala Idesi Mbewe, amene anamerera imvi pa ntchito yofufuza milandu ku Chadiza, anafika dzuwa litakwera. Pambali pa mtembowo panali kathabwa komwe Mathews ankamangapo makamera awiri moyandikana ngati maso a munthu. Onse ankajambula nthawi imodzi, ndipo ukayang'ana zithunzi ziwirizo m'kabokosi ka magalasi, wojambulidwayo ankaoneka ngati ungamukhudze. Pakathabwapo panatsala kamera imodzi yokha.

Anthu anatchula Ezara Tembo, chifukwa mkazi wake Theresa ankapitapita kwa Mathews. Idesi anaganiza za nsanje. Koma mkazi wa malemuyo anati maulendo onsewo iye ankakhala pomwepo, ndipo Theresa ankangokhala pamphasa n'kumasuzumira m'kabokosi. Ezara anati tsikulo anali kumunda wa thonje.

Chithunzi chomaliza cha kamera yotsalayo chinangoonetsa mtengo wa mango ndi ndiwo za m'dimba. Pofuna kupeza kamera yosowayo, Idesi analamula kuti afufuze m'chitsime cha padimbapo, ndipo kamera inayo inatuluka ndi matope, kadi yake yosungira zithunzi ili bwinobwino. Poti inali chapambali pang'ono, inaona zomwe inzake sinaone: theka la nkhope ya Ezara kuseri kwa mtengo.

Lachinayi masana, m'chipinda chofunsira mafunso, Idesi anaika zithunzi ziwirizo patebulo.

"A Tembo, munda wanu wa thonje uli kuseri kwa mtengo uwu?"

Ezara anayang'ana zithunzizo, kenako anayamba kufotokoza. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Misozi, anamwalira ndi malungo chaka chatha. Mathews anali atamujambula ku tchalitchi asanadwale. Theresa ataona chithunzicho m'kabokosi anatambasula dzanja kuti amugwire, ndipo kuchokera tsikulo anasiya kulima, kudya kwake kunali kokakamiza. Ankati mwanayo ali moyo m'menemo, akungodikira kuti amutulutse.

"Ndinawapempha a Sakala kangapo kuti asiye kumuonetsa chithunzicho. Ankati sangamukanize mayi kuona mwana wake. Tsikulo ndinafuna kungolanda kamera, poti ndinkayesa chithunzicho chili m'menemo. Tinalimbana, ndinawakankha, anagwera pamwala, ine n'kuponya kamera imodzi m'chitsime."

Idesi anamufunsa ngati iye mwini anayang'anapo m'kabokosimo. Ezara anapukusa mutu.

"Ndinkaopa kuti nanenso sindidzabwerako, mayi."

Pomutengera Ezara ku galimoto, Theresa anali atakhala panja pa polisi, chakudya cha mwamuna wake chili m'kansalu pamiyendo. Sanafunse za mlandu. Anagwira Idesi dzanja n'kufunsa motsitsa mawu ngati apolisi akamaliza ntchito yawo angamulole kukaona Misozi.

 Idesi analandira kansaluko, n'kukapereka kwa Ezara.