Chingwe cha M'munda wa Felesita

Chaka chimene matenda a kadukutu anatha nshawa, mtedza uja, ku Madzimoyo, munda umodzi wokha ndiwo unakhala wobiriwira: wa boma, woyeseramo mbewu, kuseri kwa waya. Chimene anapeza mmenemo sichinkanenedwa. Bwana wake ankati zotsatira ziyambe zapita kwa akuluakulu a boma ku Salisbury.

Mvula itayandikira, anthu anayamba kupeza zingwe m'minda mwawo kukacha. Chingwecho chinkakhala chokungidwa pamzere ndi zikhomo ziwiri, chili ndi mfundo zotalikirana ngati chikhatho. Ena ankati kukada kumamveka kukhoma, go, go, kenako zii. Woyamba kuchipeza anachitola ndi mtengo n'kuchitentha. Wachiwiri anaitana katekisiti. Chingwe cha mfundo m'munda, aliyense ankadziwa kuti n'chiyani: ufiti.

Kenako chinapezeka kwa Felesita. Mwamuna wake Lazarus, yemwe ankagwira ntchito m'munda wa boma uja, anamwalira m'nyengo yozizira, n'kumusiyira ana ndi dengu limodzi la mbewu. Likalephera limenelo, panalibe lina.

Madzulo kunabwera Philemon, mng'ono wa malemuyo, amenenso ankagwira konko. Analankhula monong'ona.

"Mlamu, anthu akutentha nzeru. Tinayesa zaka ndi zaka. Mukabzala msanga, mothithikana, kadukutu amachepa. Mfundo iliyonse ndi phando."

"Ndiye ndinu mukuopseza mudzi wonse? Pakamwa mulibe?"

"Ndikanena pagulu, ntchito yatha. Tinapempha kuti anthu auzidwe, anatikaniza."

"Nanga ine, munalephera kugogoda pakhomo?"

Philemon anamuyang'ana modabwa.

"Kwanu sindinafike, mlamu. Zingwe zanga zonse anatentha."

M'mawa anapita limodzi kukaona. Mame anali osagwedezeka, mapazi panalibe. Felesita anagwada, n'kupapasa mfundo imodzi. Inali yopotera kumanzere, ya munthu wamanzere, monga momwe Lazarus ankamangira zingwe za mbuzi zawo kale. Philemon anavula chipewa.

Mvula yoyamba itagwa, Felesita anabzala dengu lonse, mfundo ndi mfundo, osacheuka.

Mu Febuluwale munda wake unatseka nthaka, wobiriwira ngati wa kuseri kwa waya. Amene anatentha zingwe aja anabwera ndi luzi kudzatengera mfundozo, ndipo iye sanakanize aliyense. Anangopempha chinthu chimodzi: akamaliza, chingwecho achisiye pamzere pomwe achipezapo, poti mwini wake sakonda kufunafuna mumdima.