Madzi Onunkha Fodya

Mayi wachilendo amene anafika pakhomo pa Elube anati dzina lake ndi Sunganani, ndipo sanapemphe china koma madzi akumwa. Elube anamutungira m'ndowa ya pakhonde. Mayiyo ananunkhiza chikhocho n'kuchibweza chili chodzaza.

"Awa ndi a pachitsime cha pemphero," anatero motsitsa mawu. "Nanga bwanji akununkha fodya?"

Atatero, mlendoyo anatembenuka n'kumapita. Ku Chulu aliyense amadziwa kuti chitsimecho, chimene makolo anachipempherera m'chaka cha chilala, sichiphwa, bola madzi ake akhale akumwa ndi osambitsa odwala basi. Koma Okutobala ameneyo dambo linali litang'ambika, mbande za fodya panazale ya Elube zikufota, mwamuna wake ali ku Joni. Iye anali atatunga mobisa ndowa zisanu n'kukathirira.

Usiku umenewo anamva kuseri kwa nyumba chingwe chikukhula pamwala ngati wina akutunga, chonsecho chitsime chili kutali, kutsidya kwa msewu. M'mawa mitsuko yake yonse inali youma gwa. Usiku wotsatira phokoso lija linafika pazenera penipeni. Kutacha amayi a m'mudzi anabwerako kuchitsime ndi matope okhaokha, akunong'onezana kuti alipo amene walakwa. Mwana wa Elube, Lonjezo, anayamba kutentha thupi, madzi a pamjigo akungowasanza.

Madzulo a tsiku lachitatu a Perpetua, oyandikana naye nyumba, anafika ndi ndowa yawo yaikulu.

"Mjigo wa kusukulu sautseka usiku," anatero osamuyang'ana kumaso. "Ndikuperekezani."

Anayenda maulendo angapo mdima uli bii, udzu wouma ukulira kumapazi, akukhuthulira madzi a pamjigo m'chitsime. Madziwo ankagwera pansi patali, phokoso lake n'kumveka mochedwa. Atathira ndowa yachisanu Elube anapumira m'mwamba.

"Zakwana," ananong'ona.

"Yatsala imodzi," anayankha mawu kumbuyo kwawo.

A Perpetua anamufinya dzanja. "Musatembenuke, amake Lonjezo. Si ine ndayankhula."

Elube anakumbukira ndowa imene anatsukira makasu, ija ankati n'njosawerengera. Sanatsutse. Anabwerera kumjigo, a Perpetua akumuyendera pambali, akumugwirira nkhata kuti isagwe. Atafikanso pachitsime anagwada, nathira pang'onopang'ono kuti dontho lisatayike.

Ulendo uno madzi anayankha pafupi, pakamwa pa chitsime penipeni, n'kumunyowetsa mawondo.