Duwa Nambala 114

Corliss Tate anakumana ndi Wendell Gaither tsiku lomwe anaba duwa.

Linali Loweruka lozizira la mu Januwale. Amayi a kutchalitchi kwawo anapita kukaona Nyumba ya Harlan, chinyumba chakale chija chili kunja kwa mzinda wa Mobile, ndipo Corliss, yemwe ndi namwino, anangopita poperekeza mayi ake. Zam'nyumbamo zinamutopetsa msanga, choncho anazemba n'kulowa m'munda wa maluwa. Kuseri kwa nyumba ya magalasi yoleleramo mbande anaona kamtengo ka maluwa otchedwa kameliya kali ndi duwa limodzi lokha, loyera koma lofiira m'mphepete. Anayang'ana uku ndi uku, n'kulithyola.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndikudikira duwa limenelo," anamveka mawu kumbuyo kwake. "Inu mwangofika, thyo."

Anali Wendell, wosamalira mundawo, mwamuna wamtali, mawondo ali dothi lokhalokha, m'manja muli kampeni komezanitsira mitengo. Corliss anapepesa mpaka mawu anamuthera. Mwamunayo anangolandira duwalo n'kulisomeka m'tsitsi mwa Corliss.

"Basi, lapeza kwawo. Koma mlandu ulipobe, ndipo chindapusa chake ndi nambala yanu ya foni."

Atsikana akuno, ndimakuuzani kawirikawiri: mwamuna wodziwa kunyengerera mtengo kuti uphuke, kunyengerera munthu sikumuvuta. Koma ndani amamva?

Pofika mwezi wa Epulo, foni ya Corliss sinkapuma. M'mawa uliwonse, asanavale n'komwe yunifolomu, uthenga unkakhala utafika kale. "Wadzuka bwanji, kameliya wanga? Ndathirira munda wonse, koma waludzu ndatsala ndine." Masana wina. "Shuga wanga, wadya? Usamasamale odwala okha." Corliss ankawerenga akuseka yekha m'makonde a chipatala, mpaka anzake anayamba kumufunsa ngati wamwa mankhwala a odwala.

Kamtengo kaja Wendell anachita kukadzala yekha kuchokera ku njere, ndipo kanalibe dzina. Kankangodziwika kuti nambala 114. Kuno kwathu munthu akatulutsa kameliya watsopano amamutcha dzina la mkazi amene amamukonda, ndipo dzinalo likalowa m'buku la bungwe la alimi a maluwawa silifufutika. Mkaziyo amamwalira, zidzukulu zake n'kukalamba, dzina lake likuphukabe m'mabwalo a anthu.

Tsiku lina Wendell anamugwira Corliss dzanja pa kamtengoko n'kulonjeza. "Kakaphuka bwino zaka ziwiri zina, ndidzakalembetsa. Dzina lake lidzakhala Corliss. Tsiku lomwe adzazike kachitsulo ka dzinalo pansi, ine ndidzagwada pambali pake ndi mphete."

Anamudulira nthambi, n'kuimeretsa mizu mu kandowa. Corliss anakaika pakhonde la mayi ake, a Bernadine, omwe anangokatcha Corliss wamng'ono. Wailesi ikangolengeza kuti kugwa chisanu, mayi ndi mwana ankathamanga kukakafunditsa bulangete lomwe Corliss ankafunda ali kamtsikana. Mkulu wake atamupezera ntchito yabwino pachipatala china ku Atlanta, Corliss anakana tsiku lomwelo. Akanasiya bwanji dzina lake lisanaphuke?

Chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere. Lamlungu lililonse ndi masiku onse a tchuthi, Wendell ankapita ku Pensacola kukaona mayi ake odwala. Corliss akati apite nawo, poti ndi namwino, ankayankhidwa kuti mtima wa mayiwo ndi wofooka ndipo alendo amawatopetsa. Makhirisimasi awiri Corliss anadya nawo chakudya foni ili pambali pa mbale.

Zaka ziwiri zinakwana. Chionetsero cha maluwa cha ku Nyumba ya Harlan, pomwe amazikanso kachitsulo ka dzina la duwa latsopano, chinaikidwa Loweruka, ndipo Lachinayi uthenga unafika.

"Duwa langa, Loweruka usabwere, kudzakhala chipwirikiti. Lolemba ndidzakutenga tili awiriwiri. Undikhulupirire."

Corliss anauwerenga kasanu. Anakhala pansi, anaimirira, anatsuka mbale zotsukatsuka. Kodi munthu angaletsedwe kupita ku mwambo wa dzina lake lomwe? Kapena Wendell ankafuna kuti mphete ija imudzidzimutse? Pomaliza anaganiza kuti wodzidzimutsa mnzake akhale iyeyo. Loweruka anavala diresi yachikasu, anapaka zala utoto kuti mphete idzapeze dzanja lokonzeka, n'kunyamuka osauza Wendell.

Tsiku la chionetsero chipata cha m'munda chimakhala chotseka, ndipo aliyense amayenera kudzera m'nyumba, m'magulumagulu, kumbuyo kwa wotsogolera alendo. Gulu la Corliss linagwera mayi Verna Oakes, mayi wachikulire amene safulumira ngakhale nyumba itayaka. Anaima pa piyano. Anaima pa masipuni asiliva. Anatchula dzina la nkhope iliyonse ya pakhoma, kupatula za makolo athu omwe anaumba njerwa za khomalo ali akapolo, poti amenewo sanajambulidwe.

Corliss sankamva chilichonse. Chipinda chilichonse ankathamangira pawindo. Pansipo ankaona matenti oyera, zipewa za amayi, ndi khamu litaunjikana kuseri kwa nyumba ya magalasi. Nsapato zinkamuthina. Anatulutsa foni, anaibweza, anaitulutsanso. Bambo wina wa m'gulumo anafunsa kuti makatani anasokedwa chaka chanji, ndipo Corliss anatsala pang'ono kumuluma.

M'chipinda chomaliza mayi Verna anaima pa kabokosi kagalasi komwe munali kalata yakale. Anafotokoza kuti ndi kalata ya mkazi wa mwini nyumbayo, yolola kuti kameliya wina atchedwe dzina lake. Anawonjezera kuti mpaka lero bungwe lawolo sililemba dzina la munthu wamoyo pa duwa mwini dzinalo asanasaine pepala.

Mawu amenewo okha ndiwo analowa m'khutu la Corliss. Kusaina? Iye anasaina liti? Anafufuza m'mutu mwake zaka ziwiri zonse, tsiku ndi tsiku, koma Wendell sanamupatseko pepala ngakhale limodzi.

Gulu litayamba kutuluka, anatsalira dala.

"Pepani mayi, nanga mwamuna akafuna kumudzidzimutsa mkaziyo? Sangasaine tsiku lomwelo la mwambo?"

"Ayi mwanawe, kachitsulo sikakonzedwa pepala lisanafike," anatero mayi Verna akupukuta magalasi awo. "La chaka chino linasainidwa mu Okutobala, patebulo langa lomwe, ndi cholembera changa. Mkazi wa Wendell wathu uja. Anachita kuchokera ku Pensacola, mimba ili apa, n'kumalira ndi chimwemwe. Mwana iwe, wadwala? Khala pansi."

Corliss sanakhale pansi. Anatsika masitepe atagwira khoma, n'kutsata kanjira kanjerwa komwe ankakadziwa bwino kuposa makonde a kuntchito kwake. Mtima unkamuuzabe kuti mwina mayiwo asokoneza, mwina pali Wendell wina. Mtima wa munthu wokonda ndi wouma mutu zedi!

Nambala 114 inali itakula kufika m'chifuwa, maluwa ali mbuu mtengo wonse. Patsinde pake panali kachitsulo katsopano konyezimira, ndipo panalembedwa kuti Lavonne Gaither. Chapafupi panaima mkazi wa nkhope yofatsa atanyamula khanda, anthu akumujambula. Pambali pake panali Wendell, atavala jekete yomwe Corliss anamusankhira.

Maso awo atakumana, Wendell ananong'oneza mkazi wake kanthu, n'kuzungulira mbali ina ya nyumba ya magalasi, kobisika kwa anthu. Corliss anamutsatira. Anaima chapafupi ndi pomwe anakumanirana poyamba paja.

"Shuga wanga, ndinakuuza kuti usabwere."

"Mayi ako odwala aja abereka?"

"Corliss, tamvera. Ndimati ndikufotokozere Lolemba. Zinthu zinali zitavuta kunyumba, kenako mimba ija, ndiye anthu onse akuno ankayembekezera kuti... Koma mtima wanga uli kwa iwe, ukudziwa."

Corliss anangomuyang'ana. Wendell anaona ngati wapeza mpata, ndipo anatsitsa mawu monga ankachitira masiku onse. Anati m'nyumba ya magalasimo muli kamtengo kena, nambala 130, komwe masamba ake okha akuonetsa kuti kadzaposa aka kutalitali. Anati kameneko sanauzeko munthu aliyense, ndipo n'ka Corliss yekha.

"Kadzaphuka liti?" anafunsa Corliss.

"Zaka zisanu zokha, duwa langa."

Apa m'pomwe Corliss anaseka, kuseka kowawa kotuluka limodzi ndi misozi. Ndikunena zoona, akanamumenya mbama ine sindikanamudzudzula. Koma iye anangoyang'ana zala zake zopaka utoto zija, n'kuzibisa m'matumba a chikhoti.

"Pita, akukudikira kuti ajambule. Ukonze kolala, yapindika."

Anatuluka pachipata osacheuka. Pamalo oimika magalimoto mphepo inali itayamba kuluma, ngakhale dzuwa linali lisanapendeke. Analowa m'galimoto koma sanailize, makiyi ali m'manja. Anaganiza za ntchito ya ku Atlanta yomwe inapita ndi wina, za Makhirisimasi aja, za m'mawa wonse womwe ankathirira kamtengo ka pakhonde asanamwe n'komwe khofi. Zinamupweteka kwambiri kuti mkazi wa khanda uja sanamulakwire chilichonse, moti panalibe woti amude kupatula mwamuna yemwe ankamukondabe.

Foni inalira. Mauthenga anali awiri. Woyamba unali wa Wendell, ndipo anaufufuta osautsegula. Wachiwiri unali wa mayi ake.

"Zayenda bwanji, mkwatibwi? Wailesi ikuti lero kugwa chisanu choopsa. Ndimufunditse Corliss wamng'ono, kapena ubwera msanga?"

Corliss anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja kuti aone zilembo. Analemba, anafufuta, analembanso.

"Musiyeni, amayi. Ndi mwana wa eni ake. Bulangetelo mundisungire ineyo."